Timbale ta Pansi pa Tebulo

Lamulungu m'mamawa, chisanu chikuluma makutu,
ndimagwada pa kaunjika wa azungu
kuseri kwa bwalo la mpira ku Grimsby,
kumene magalimoto amayasamula kumbuyo
n'kulavula za m'nyumba za omwalira:
maketulo, mawotchi oima, zithunzi za agalu.
Ine changa ndi katoni ya pansi pa tebulo,
yonunkha chinyontho,
momwe timbale takuda tathithikana ngati makadi a juga.

Mapeni makumi asanu kamodzi.
Nyimbo imodzi kuno, ina kuseri, kwatha.

Tinenenji wa ku shifiti kwathu amandiseka:
"Anzako akumanga ku Lunzu,
iwe ukugula phokoso la anthu osawadziwa?"
Ndimangoti eya.

Ndili ndi kope lofiira
momwe ndimaweruza milandu yopanda odandaula.
"The Cinder Gulls, 1966.
Gitala wapsa mtima, woimba ali ndi chimfine,
ng'oma ikuthamanga ngati yaba kanthu.
Nyenyezi zitatu."
"Anyamata anayi a ku Cleethorpes, dzina linadyedwa ndi nkhungu.
Besi sakumveka n'komwe.
Koma chakumapeto wina akuseka
ndipo sanadule.
Zinayi, chifukwa cha kusekako."
Palibe amene amawerenga.
Wayilesi sinawadziwe anyamatawa, London sanawamve,
anaimba m'maholo a tchalitchi ndi m'mabala a padoko
kenako Lolemba linakwana.

Mwezi wathawu ndinatola kena kopanda chikuto,
pakati papepala loyera, cholembera cha buluu:
"Glenda, usataye."
Mayi wogulitsayo, chipewa cha ubweya mpaka m'nsidze,
anakayang'ana kali m'manja mwanga.
"Glenda ndine," anatero.
"Anadinda mazana awiri okha.
Zana ndi makumi asanu tinagona nato pansi pa bedi
mpaka denga linadontha.
Ankaimba gitala, Roy wangayo. Kenako zaka makumi anayi
akusenda nsomba kufakitale.
Tinamuika mu Febuluwale.
Nyimboyo ndi yoipa, mwana wanga, usanamizidwe.
Nayenso ankadziwa."
Anakana ndalama yanga,
kenako anasintha maganizo n'kuilandira.

Kuchipinda kwanga, pamwamba pa shopu ya tchipisi,
ndinakapukuta ndi malaya akale,
ndinatsitsa singano.
Choyamba kuthetheka, ngati mvula ikuyesa malata,
ndiyeno gitala wolowa mochedwa,
mawu a mnyamata amene sanayambe kumeta
akukwera pamene sangafike.
Mayi aja sananame.
Ndi yoipadi.

Ndinatembenuza.
Kuseriko mizere yatuwa, yasalala
ngati khomo la nyumba yolowa anthu ambiri.
Singano siyenda m'njira yotere ulendo umodzi,
kapena khumi, kapena zana.
Wina anakhala pansi madzulo ambirimbiri
nanyamula kamkono aka, nakabwezera poyambira,
mpaka nyimbo inatha ngati sopo.
Pansi pa mkokomowo mwatsala mawu pang'ono,
mnyamata yemwe uja, koma tsopano osakuwa,
ndipo pali pokandika pamene singano imakodwa
n'kumangoti dikira, dikira, dikira
m'Chingerezi cha kuno chomeza zilembo,
mpaka uikankhe ndi chala.

Sindinaikankhe msanga.

M'kope ndinalemba tsiku, ndi mtengo,
ndi "Roy, gitala."
Pa nyenyezi ndinasiya mpata.
Ndine yani ine, wobwera dzana ndi chikwama chimodzi,
kuti ndiwerengere munthu madzulo ake?

Naini koloko inandipeza ndikumanga majombo.
Basi ya usiku imadutsa kudoko,
kumene magalasi osweka amayang'ana madzi,
n'kunditula pageti la fakitale.
Sindidziwa ngati ndi yomweyo.
Ndinavala magolovesi, ndinatenga mpeni,
nsomba zikubwera pa lamba,
ndipo Tinenenji anandigunda ndi chigongono:
"Ukung'ung'udza chiyani choipa chonchi?"